Sitika ya Kompyuta ya ku Ofesi

Lolemba, 6 Okutobala

Kompyuta yabwerera pamalo pake, koma mtima wanga suli m'malo. Pakona pa sikirini pabwera timawu toti laisensi ya pulogalamu yoyendetsa makinawa sinatsimikizidwe, ndilowetse nambala ya kiyi. Ndadina apa, ndadina apo, timawuto osasuntha. Ahedi sakudziwa kuti itazima Lachisanu ndinaikulunga m'nsalu n'kupita nayo kwa alamu anga, okonza makompyuta. Paja mlembi amene ndinamulowa m'malo pasukulu pano anachotsedwa ntchito chifukwa chongotuluka ndi pulinta pageti. Ine ndinatuluka ndi kompyuta yathunthu. Mayo ine.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndaimbira alamu. Akuti anasintha disiki n'kuikamo pulogalamu mwatsopano, ndiye ikufuna nambala yake. "Onani sitika m'mbali mwa bokosilo, mlamu." Ndagwada pansi pa tebulo, ndapapasa mbali zonse, palibe. Ndawauza. Kenako, "Aa, paja chitsulo cha m'mbalicho chinali chopindika, ndinaikapo china." Nanga chakalecho? Akuti afufuza. Munthu ameneyu adzandiphetsa ndithu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndamata kapepala kachikasu pakonapo kubisa timawu tija. Ahedi anadzaima kumbuyo kwanga, akuwerenga mayeso a masamu amene ndikutayipa. Atatambasula dzanja ndinangoti basi, kwanga kwatha. Ayi, amaloza funso lomwe ndinalakwitsa. Chakudya chamasana sichinalowe.

Lachinayi, 9 Okutobala

Alamu sakuyankha foni. Aphunzitsi a sayansi akuti makina otere amadzangodzitseka okha tsiku lina. Kaya n'zoona kaya amangondiopseza, koma mayeso onse ali momwemo. Ndikuopa.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinapita konko. Tasanthula shedi yonse ya alamu, mawaya, fumbi, akangaude, chitsulo osaoneka. Achemwali anga, akazi awo, akuchapa panja, akungotiyang'ana. Mpaka anafunsa, "Kodi mukufuna chitsulo chakuda chija? Ndinatsekera bowo pakhola, galu wa aneba amatha anapiye."

Tinachipezadi, chokhomedwa ndi misomali. Mwamwayi sitika inaloza mkati, mvula sinaikhudze. Koma nkhuku zinachitapo zawo. Alamu akuti madzi ayi, ingasupuke, ndiye tinapala ndi kamtengo pang'onopang'ono. Foni yanga ikajambula zilembo zikungotuluka mbuu, choncho ndanyamula chitsulo chonsecho. Achemwali akwiya, akuti anapiye akatha ndidzawaberekera ena ndine.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndinalawirira, chitsulo chili m'chikwama. Ndinachiika pamiyendo n'kuyamba kulowetsa zilembo chimodzichimodzi. Kagudumu ka pa sikirini kanazungulira, kanazungulira, ine Ambuye thandizeni. Timawu tija tinachoka. Misozi inalengeza.

"Chikununkha muno n'chiyani?"

Ahedi, pakhomo. Sindinawamve akulowa. Anachitenga pamiyendo panga ndi zala ziwiri, n'kuchitembenuza. Nambala ya katundu wa sukulu, yolembedwa ndi penti yoyera, ili poyera, mabowo a misomali m'makona, kanthenga katakanirira m'mphepete. Anayang'ana bokosi pansi pa tebulo, n'kuyang'ana ine.

Alowa nacho mu ofesi yawo n'kutseka chitseko, ndipo ndikumva akuimba foni. Kompyuta ikuyenda bwinobwino. Ine ndangokhala, chikwama m'manja.