Mawa ndi Mkuja pa Foni ya Amayi

Kalembo, Balaka
14 Januwale 2025

Okondedwa achimwene Uladi,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu? Kuno tilipo, kungoti njala yakula. Tikudya kamodzi patsiku.

Pali chimene ndakhala ndikukubisirani. Pondisiyira laputopu, munati ndiphunzirire pa pulogalamu imene mumathandiza nawo kulemba ija, yotumiza mauthenga kwa olandira chimanga, yomwe aliyense ali ndi ufulu woikonza. Munandipatsa mbali yosunga mayina. Achimwene, ndinayang'ana mizere ya pulogalamuyo miyezi itatu osatolapo kanthu. Mukaimba foni ndinkati zikuyenda. Ndinkanama, poopa kukukhumudwitsani.

Mwezi watha amayi analandira uthenga woti chimanga chigawidwa mawa. Analawirira wapansi, m'mimba mulibe kanthu, koma pamalopo sanapeze munthu. Pobwerera anakomoka pamsewu, wakabaza wina ndiye anawatola. Chimangacho chinabwera tsiku lotsatira.

Ndinatsegula laputopu ndili ndi mkwiyo. Ndinapeza kuti womasulira uthengawo kuchoka m'Chingerezi analemba mawa pamene panafunika mkuja. Ndinalembera gulu lanu lija la okonza pulogalamuyo.

Anandiyankha ndi a Clementina a ku Zomba, mmodzi wa oyang'anira pulogalamuyo. Akanatha kukonza okha pa mphindi imodzi, koma anati popeza ndaona vutolo ndine, ntchitoyo ndi yanga. Anandilozera pamene pali mawuwo ndi njira yotumizira zimene ndakonza. Ndinalakwitsa katatu, iwo osatopa. Kachinayi anavomereza. Kuchokera pamenepo ndakonza mauthenga ena asanu ndi awiri.

Pempho langa nali. A Yoram, aphunzitsi opuma aja, akufuna kumasulira mauthenga m'Chiyao, ndipo amayi awiri a kumzikiti akufuna kuwathandiza. Mutisankhire tintchito ting'onoting'ono toti munthu n'kumaliza masana amodzi, mutifotokozere m'mawu osavuta. Musatiyeze ndi msinkhu wanu, inu munayamba kale. Mbali ya mayina ija ndidzaibwerera miyendo ikalimba.

Amayi apeza bwino. Atamva kuti mawu aja ndinakonza ndine, tsopano uthenga ukalowa amayenda nyumba ndi nyumba kuuza anzawo kuti akonze matumba, ati mwana wanga Rukia wanena. Ndayesa kuwafotokozera kuti sindine ndimatumiza, koma sakumva.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Allah akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Rukia