Luzi M'maungu a Apongozi

Lolemba, 25 Januwale 1926

Ndayamba phunziro la zomera lija anatipatsa ku mishoni. Ana 23. Muzu, tsinde, tsamba, duwa. Ndinazula bonongwe kuseri kwa sukulu kuti ndiwaonetse muzu, iwo akuti akuudziwa. Tsamba akulidziwanso. Nditaona kuti ayamba kuyasamula, ndinalumphira pamene ine ndemwe ndinadabwa napo potiphunzitsa: kuti maluwa a dzungu alipo aamuna ndi aakazi, ndipo kaufa kachikasu ka lalimuna kakapanda kufika m'lalikazi, dzungu silibala. Amanyamula kaufako ndi njuchi.

Kuyasamula kunathera pomwepo. Palibe anapempha kupita kuthengo mpaka kuweruka.

Ndamuuza Ottilia mkazi wanga (muno ndizingolemba O.) kuti lero ndiye ndaphunzitsa. Anaima kaye kusinja. "Mwanena zimenezo pamaso pa ana a eni?" Sindinamve chimene amafunsa.

Lachiwiri, 26 Januwale

Ndamva. Ana 14.

Lachitatu, 27 Januwale

Ana 11. Madzulo kunabwera a Ezekiel, mkulu wa mpingo, amenenso ndi malume ake a O. Iwo pampando wanga, ine pamphasa. Akuti mudzi wonse ukunena kuti mphunzitsi akulaula m'sukulu.

"Aphunzitsi, tinakupatsani ana kuti adziwe a, e, i, o, u ndi nyimbo. Za ukwati zili ndi eni ake."

Ndinati zalembedwa m'kabuku ka ku mishoni, ndipo ndinawaonetsa chithunzi cha duwa long'ambidwa pakati. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anatseka kabukuko msanga, nkundifunsa ngati O. anachionapo.

Potsanzika anandikumbutsa kuti woyendera masukulu afika pa 10 Febuluwale. Akapeza ana osakwana khumi ndi awiri, sukulu ipita kumudzi wa tsidya la Katete, umene wakhala ukuipempha. Sananene zambiri, koma ndikudziwa. Pano ndine mkamwini. Sukulu ikachoka nditsala munthu wa manja ofewa amene mizere yake imakhota.

Lachinayi, 28 Januwale

Mawu sathandiza, aone ndi maso. Vuto ndi lakuti maungu apafupi ndi a apongozi okha, aja ayanga pachulu kuseri kwa nkhokwe. Zaka zinayi ndili pamudzi pano, sitinayang'anizanepo. Tikakumana m'njira iwo amapatukira m'udzu uku, ine uko. Tsiku lina tinapatukira mbali imodzi, sindifuna kulikumbukira.

Ndinapempha O. kuti akandipemphere. Iye: "Ndikati chiyani? Kuti mkamwini wanu akufuna kukwatitsa maungu anu?" Akuti amayi ake ndi okhumudwa kale, chaka chino timaungu tikungochita chikasu nkuyoyoka tisanakule, ndipo akuganizira anthu.

Ndiye ndinadikira apongozi apite kumtsinje. Ndamanga ndi luzi maluwa asanu ndi limodzi amene atsegule mawa, okhawo okhala ndi kadzungu kunsi. Njuchi isalowe. Manja akuyabwa mpaka m'zigongono.

Lachisanu, 29 Januwale

Mmamawa, chokwawa. Maluwa atatu ndawamasula, ndapakamo kaufa ka lalimuna, ndamanganso ndi mfundo ziwiri. Atatu enawo ndawasiya ndi mfundo imodzi, osapaka. Aamuna anavuta kupeza, chulu chonsecho awiri okha. Chodabwitsa.

Njuchi ina sinakondwe kuti ndailanda ntchito. Mlomo wam'mwamba watupa ngati chikande. Nyimbo yam'mawa anaitsogolera ana okha. Ana 10.

Loweruka, 30 Januwale

Zaoneka.

Ndinali kunola khasu pamene ndinamva apongozi akuitana ana awo mayina mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu amene ali ku Halale. Pofika ine, mudzi wonse unali utazungulira chulu, koma chapatali. "Atimanga," anatero apongozi, atandifulatira monga mwa masiku onse. "Ndinanena ine. Onani mfundozo, zina imodzi, zina ziwiri. Munthu ameneyu amadziwa zimene amachita."

Pamenepo ndiye ananena zoona.

Wina anaona mapazi m'matope. A nsapato. Pamudzi pano wokhala ndi nsapato ndi mmodzi. Mwamwayi anthu anali atapondaponda kale, ndipo mlamu wanga anati mwina ndi ziboda za ng'ombe. O. sanayang'ane matope, anayang'ana mlomo wanga.

A Ezekiel anati zotere zimafuna pemphero, ndipo aphunzitsi atitsogolere. Ndinapemphera. Ndinapempha kuti wochita izi akhululukidwe msanga, pakuti mwina cholinga chake sichinali choipa. A Ezekiel anati Amen maso ali kumapazi anga.

Chabwino chimodzi: palibe angayerekeze kukhudza luzi lija.

Lamulungu, 31 Januwale

M'tchalitchi anthu ochepa, ndipo ndinapita wopanda nsapato. Ndinati zikundiluma.

O. anasiya kundiyankhula kuyambira dzulo. Masana anangoika mbale pansi. Ndiwo chiluwe chotendera, chimene ndimachikonda. Ndili pakati pa kudya ndinayang'anitsitsa m'mbalemo. Maluwa a maungu. Ndinafunsa kumene amawathyola.

"Pachulu. Kwina kuti?"

"Ati?"

"Aja opanda kadzungu, ongokhala. Mtsikana aliyense amadziwa kuti okhala ndi mwana sathyola. Munapita ku mishoni kukaphunzira zimenezo?"

Akuti iye ndi ang'ono ake awiri amathyola onse, tsiku lililonse, mame asanaume. Njuchi zisanadzuke. Ndinafunsa kuti nanga bwanji chaka chino akuthyola chotere, pamene chaka chatha maungu anabala bwino.

"Si inu munati pa Khirisimasi ndisakuphikireni ndiwo ina? Munanena pagulu, azilamu anu nawonso nkuyamba kufuna."

Ndinasiya kudya. Kenako ndinaona kuti omwe ali m'mbale sangabwererenso pachulu, ndiye ndinamaliza.

Lolemba, 1 Febuluwale

Ana 8. Koma si za ana lero.

Anthu ayamba kuloza a Ursula, amasiye aja a munda woyandikana ndi chulu. Anabwera kuno ndi ukwati, anabatizidwa kwa Aroma, alibe mbale wowaikira kumbuyo, ndipo maungu awo abala mpaka m'njira. Lero pachitsime akazi anachoka onse iwo atafika. Mlamu wanga akuti Lachinayi apita kwa woombeza wa ku Vubwi, wapatula kale nkhuku.

O. wandiuza mosabisa. "Mukanene nokha, kapena ndikanene ine. Amayi aja atunga madzi okhaokha chifukwa cha inu."

Ndinkaseka mumtima Loweruka kuti palibe akhudze luzi langa. Sindinaganize kuti mantha amenewo akagwera munthu.

Lachiwiri, 2 Febuluwale

Ndaulula, pabwalo la a Ezekiel. Apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe, mawu awo akudzera mwa O., ngakhale aliyense amawamva bwinobwino mpaka kukhola. Ine ndinayankhula choyang'ana mtengo wa msuku.

Ndinafotokoza zonse: luzi, mfundo, njuchi, chiluwe.

Apongozi: "Mufunse, kwawo kulibe maungu?"

O.: "Akuti kwanu kulibe maungu?"

Ndinati alipo, koma ndi ulendo wa masiku awiri.

Apongozi: "Umuuze kuti masiku awiri si patali. Khasu lake ndi mphasa yake sizolemera."

O. sanabwereze zimenezo. Anangoyang'ana pansi. Apo ndinaopa zenizeni.

Ndinatembenukira kwa a Ursula, ndinagwada, ndinapepesa. Anandiyang'ana kuyambira kumlomo mpaka kumapazi. "Ndiye ufiti wanga ndi wakuti sindidya chiluwe? Chimandiotcha pamtima, aphunzitsi, chiyambire utsikana." Anaseka mpaka kutsokomola. Ena anaseka nawo, makamaka aja anathawa pachitsime.

Ndinapempha masiku atatu. A mfundo imodzi afota, a mfundo ziwiri akula. A Ezekiel anavomera. Zikapanda kutero Lachisanu, ndinyamule kabuku kanga ndiwoloke Katete. Pakali pano ndizigona kusukulu, ndipo chulu ndisachiyandikire. Nkhuku ya woombeza yabwezedwa m'khola.

Lachitatu, 3 Febuluwale

Ana 6, anayi mwa iwo anabwera kudzaona pamene ndagona. Denga likudontha pa malo atatu. Ndakhala ndikuuza ana kuti alikonze kuyambira Novembala, lero ndalikonza ndekha.

A Ursula andipatsa chilango chawo: ndipalire ndime ziwiri za mtedza. Ndapalira imodzi. Anakhala pamthunzi nkumandiuza pamene ndadula mtedza m'malo mwa udzu. Kasanu ndi kawiri. "Za maluwa mumadziwa, koma za masamba sanakuphunzitseni."

Lachinayi, 4 Febuluwale

O. anabweretsa chakudya, ndiwo therere. Akuti mbuzi ya malume yalowa pachulu nkudya limodzi la mfundo ziwiri, ndi luzi lomwe. Mbuzi siopa zomanga. Atsala awiri.

Ndinamufunsa kuti awiriwo akuoneka bwanji. Akuti sanayang'ane, amayi amakhala pomwepo ndi mpini. Kenako potola mbale: "Ku mishoniko munaona ndi maso anu zikuchitika, kapena anangokuuzani?"

Anangotiuza.

Lachisanu, 5 Febuluwale

Tinapita dzuwa litakwera pang'ono. Anthu ambiri kuposa a m'tchalitchi. A Ezekiel ndiwo anakwera pachulu, atakwinya nsalu, nkumapatula masamba ndi ndodo.

Woyamba, mfundo imodzi: wachikasu, wofewa. Atangomukhudza anagwa. Wachiwiri anali atagwa kale, nyerere zili mbuu. Wachitatu wofota. Anayamba kufunafuna a mfundo ziwiri. Anawerama nthawi yaitali. Kenako anaika nkhonya yawo pambali pa kadzunguko kuti tonse tione. Kofanana ndi nkhonyayo, kobiriwira, kowala. Kachiwirinso chimodzimodzi, kokulirapo pang'ono.

A Ursula: "Wachitatu mukamufunse m'mimba mwa mbuzi yanu."

A Ezekiel anatsika, anapukuta manja, anati nkhani yatha, ndibwerere kunyumba. Koma m'sukulu mawu aja ayi. Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti ndizinena kuti duwa la ufa ndi duwa la kadzungu. Nanga zimene amachita awiriwo? Akuti ndizingoti njuchi imapereka moni uku ndi uku.

Apongozi anaima chofulatira, koma mutu utapendekera kuchulu. O. akuti madzulo analamula kuti chiluwe chizithyoledwa dzuwa likafika pamutu, ndipo mbale yanga isalawe mpaka Pasaka.

Lolemba, 8 Febuluwale

Ana 17. Amayi awiri anakhala panja pansi pa zenera, akuti akubisala mvula. Kunalibe mvula. Ndinati njuchi imapereka moni, mmodzi wa iwo anaseka mpaka anachoka.

Lachitatu, 10 Febuluwale

Woyendera masukulu wabwera, wawerenga ana 19, wayamikira denga. Sukulu ikhala. Anafunsa ngati phunziro la zomera likuyenda. Ndinati likuyenda.

Lachinayi, 11 Febuluwale

Mmamawa ndimapita kukamaliza ndime ya a Ursula. Njira imadutsa pachulu. Ndinangozindikira ndafika pafupi ndi msana wa munthu wowerama m'maungu. Apongozi, duwa la ufa lili m'manja, akuligwedezera pamwamba pa linzake ngati akuthira mchere.

Kumanzere kuli minga, kumanja nkhokwe. Ndinaima, ndinayang'ana phiri la Mphangwe. Iwo anadziwa kuti ndi ine, sanatembenuke ndipo sanathawe.

Kenako anatsokomola nkuyankhula ndi dzungu.

"Iwe dzungu. Anthu ophunzira amati ufawu ungogwera pamwamba, kapena ufike m'kati?"

Ndinayang'ana dzungu lomwelo, lija la mfundo ziwiri. Lakula ngati mutu wa mwana.

"Dzungu iwe," ndinatero, "ukawauze kuti ayambe achotsa zachikasu zakunjazo, atsale ndi kamtengo kapakati. Kameneko akhudzitse pakatikati pa linzakelo. Pang'onopang'ono."

Ndinamva duwa likung'ambika.

"Chonchi?"

Sindikanatha kuona ndisanatembenuke. Ndinatembenuka pang'ono, maso pa manja awo okha.

"Ukawauze kuti chonchodi."

"Uwauze agwire ili," anatero, akutambasulira dzanja kumbuyo. "Alipo ena asanu, ndipo msana wanga si wa chaka chino."

Ndinaika khasu pansi.