Nyama ya Idi Yagwetsa Bambo a Shaimaa

Kairo

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale nanu. Kodi bondo lija likukulolani kugwada popemphera? Ife moyo ulipo, koma ndikulemba mtima uli m'malere.

Amayi, zomwe ndaona pa Idi ino sindinazionepo chibadwire. Paja mkamwini wanu, bambo a Shaimaa, ndi mlonda wa pakhomo panyumba yosanja ino. Kwathuko munthu akazinga nkhosa, gawo la osauka amapatsa amasiye. Kuno osaukawo ndife. Banja lililonse la m'mwambamu linatsitsa mbale yake: chiwindi, nthiti, mafuta a kumchira, ngakhale mitu. Ndinagwira pakamwa. Kukana sitikanatha, akanati ndife onyada.

Furiji tilibe, ndipo kutentha kwake mukukudziwa. Ndinayesa kugawira alonda anzathu mumsewu muno, koma nawonso zinali zitawakwana. Ndiye bambo a Shaimaa anati nyama ya nsembe siiwola iwo ali moyo. Ankadya m'mawa, masana ndi madzulo. Nditawaletsa anandifunsa ngati ndinawaonapo atafa ndi kukhuta.

Lero ali gone. Mimba yatupa ngati ng'oma, kuchimbudzi sikukuyenda, akageya ana amathawira panja. Munthu wonyamula thumba la simenti uja akulira ngati mwana. Ine ndinkangoti basi ndine wamasiye.

Mayi a Karim, mkazi wa mlonda woyandikana nafe, atabwera kudzazonda anaseka mpaka misozi. Akuti mlonda aliyense wochokera kumudzi amagwa pa Idi yake yoyamba, ndipo anawauza kuti mlamu, nkhosa mwameza zija zikubwezera. Anandilangiza kuti nyama ndi mafuta asalawe. Ndiziwapatsa madzi owiritsa ndi kamuni, mbewu zonunkhira zija, nditafinyiramo ndimu, komanso chambiko ndi kampunga kochepa, ndipo aziyenda ngakhale asakufuna. Zikuthandiza, koma pang'onopang'ono. Dzulo anafika pa geti atagwira khoma.

Chondisowetsa tulo ndi ichi. Ntchito yawo ndikugwira ndine mobisa, kukolopa masitepe ndi kutsuka magalimoto. A Haji Metwali, eni nyumba, anandipeza ndikukweza botolo la gasi pamutu. Anafunsa ngati analemba mlonda kapena mayi woyembekezera, popeza wawoyo amangogona atagwira mimba. Akuti Lachisanu pochokera ku mzikiti akapanda kupeza mwamuna pakhomo, tibweze kiyi wa kachipinda kathu. Amayi, tipita kuti ndi anawa? Kodi munthu n'kuchotsedwa ntchito chifukwa cha nyama imene anamupatsa okha?

Pempho langa n'limodzi. Atumizeni achimwene a Sabri akwere sitima adzaime pakhomo pano mpaka mlamu wawo atalimba. A Haji avomera, bola akhale wachibale. Asadikire kuti amalize kuthirira chimanga, kachipinda kakapita sikabwerera.

Mundiperekere moni kwa bambo, azakhali ndi mlamu wanga mkazi wa a Sabri, amene ndikumulanda mwamuna nthawi yolakwika. Shaimaa ndi mlongo wake akupsompsona dzanja lanu.

A Sabri ndimawadziwa kadyedwe kawo, ndipo nyama yotsala, imene ndaithira mchere, idakali lende pansi pa masitepe. Muwalumbiritse asananyamuke kuti sadzailawa. Amuna awiri ogona sindingawathe.

Ndine mwana wanu,
Wafeya