Abwana anatisankha pa mayere a m'kapu

Aphungu,

Mpaka pano mutu wanga sukugwira. Ndimagwira ntchito ya boma m'chipinda chosungira mafaelo, ndipo tilimo anthu asanu ndi anayi. Chaka chino anatiuza kuti malipiro azikwera malinga ndi mmene munthu wagwirira ntchito, ndipo wopereka malikisi ndi abwana a chipinda chathu. Malikisi apamwamba anali a anthu awiri okha.

Zotsatira zitabwera, ine ndinali mmodzi mwa awiriwo, ndiye ndinapita kukathokoza. Abwana anaseka nkuloza kapu yawo ya tiyi. "Musathokoze ine mayi, thokozani iyi," anatero. "Ndinalemba mayina anu pa timapepala, nkuponyamo, nkukhutchumula, nkutola tiwiri. Nanga ndikanatani? Maphunziro athu a kaperekedwe ka malikisi anawasuntha katatu, kenaka anangonditumizira mafomu a masamba khumi. Bola mayere, palibe anganene kuti ndakondera."

Ndinangoti kukamwa yasa! Thukuta la chaka chonse, m'kapu ya tiyi?

Chikundipweteka kwambiri ndi cha mayi ena achikulire omwe timawatcha Amakiyi, poti ndiwo amasunga makiyi a makabati. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Faelo yosowa zaka khumi zapitazo amakaitenga ngati aiika dzulo. Atsala ndi miyezi isanu kuti apume, ndipo penshoni yawo idzatengera malipiro omaliza. Dzulo anandigwira dzanja nkunena kuti, "Wachita bwino mwanawe. Ine kaya ndakalamba." Ndinalephera kuwayang'ana m'maso.

Ndikaulula, zanga zipita, abwana alowa m'madzi, pomwe si munthu woipa. Ndikakhala chete, ndikudya za Amakiyi. Nditani?

L.D., wa ku mafaelo

A L.D.,

Kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri poganiza kuti maso andinamiza. Za mabwana okondera abale ndimalandira sabata ndi sabata, koma wofunsira nzeru kwa kapu ndi woyamba ameneyu!

Abwanawo anaopa kudedwa, koma pothawa kulakwira mmodzi alakwira nonse, ndi inu nomwe. Mwina malikisiwo akanakhala anu ndithu, koma pano mudziwa bwanji? Olakwa enanso ndi amene anawapatsa galimoto asanawaonetse pogwira chiwongolero.

Lembani lero zimene abwana ananenazo, tsiku lake ndi nthawi yake. Mukatero bwererani kwa iwo muli awiri, chitseko chotseka. Auzeni mwaulemu kuti alembe okha kalata ku ofesi yoona za ogwira ntchito, avomere kuti sanaphunzitsidwe, ndipo apemphe kuti malikisi a chipinda chonse awunikidwenso. Wodziulula yekha amamumvera chisoni, pomwe wogwidwa amamukhaulitsa. Apatseni sabata imodzi. Akazengereza, tengani zimene munalembazo mupite nazo kwa mtsogoleri wa bungwe lanu la ogwira ntchito.

Amakiyi musawasiye akudziyesa otha ntchito. Alimbikitseni kupempha zifukwa za malikisi awo, zolembedwa papepala. Funso limeneli abwana sangaliyankhe.

Inde, mwina zanu zichepa, choncho zowonjezerazo musayambe kuzikonzera mapulani. Koma kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chenjezo langa ndi ili: nkhaniyi musaiyendetse m'makonde kapena pa foni. Ikasanduka nthabwala ya ofesi, akuluakulu adzathamangira kuikwirira. Komanso musamati ndiona chaka chamawa. Inu chaka chamawa muli nacho, Amakiyi alibe.

Aphungu