Usipa wogula boti lisanakocheze

Lachinayi, 5 koloko madzulo, pakhonde.

Lero mtima wanga wawira tsiku lonse. Mdzukulu wanga Asiyatu wabwera kuchokera ku yunivesite maso ali psuu, walephera mayeso a masamu. Bambo wake, Yusufu, mwana wanga wobala ndekha, akuti asapitenso kukabwereza mayesowo, kuli bwino akwatiwe. Yusufu yemweyu amene anathawa sukulu poopa samu zogawa.

Ndinamukhazika mtsikanayo pamkeka. "Tandiuza, unalakwa pati?"

"Agogo, funso linali la nthawi ziwiri pamodzi, yofikira boti ndi yogulira usipa, zonse pakati pa 6 ndi 7 koloko. Powonkhetsa mwayi woti zinthu zichitike umaika malire, poyambira ndi pothera. Ine ndinaika 6 mpaka 7 konsekonse. Yankho linatuluka 2, chikhalirecho mwayi supitirira 1."

Ndinachita kumuyang'ana. "Ndiye iwe unagula usipa boti likadali pakati pa nyanja? Wogula amayamba boti likakocheza, osati 6 koloko. Zaka zonse zija unkandinyamulira beseni kugombe la ku Ngala, unandionapo ndikugula nsomba zili m'madzi?"

Anatenga pepala ndi cholembera. Kenako anajambula bokosi, n'kulidula kuchokera pakona kukafika pakona inzake. "Gawo ili lokha, agogo, la kugula boti litakocheza." Anaseka misozi ili m'masaya.

Mwanayu anangophonya malire, ndipo wawaona yekha. Lolemba akwera minibasi kukabwereza mayeso, Yusufu afune asafune.

Asiyatu, ndikudziwa umasuzumira m'kope muno. Ukatha, pita nalo kwa bambo ako ukawawerengere mokweza, paja iwo kuwerenga kumawavuta.