Sikelo Yathu Itachoka ku Zemba

Okondedwa achimwene a Terrance,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako. Kuno mvula inaleka, thonje takolola.

Kalata yanu ija tinalandira. Munati inu ndi aphunzitsi anu a ku yunivesite munathandiza kampani ya thonje ndi masamu, kuwerengera malo oyenera kuikapo masikelo kuti malole asamathe mafuta. Atate anayenda nayo mudzi wonse, amvekere, "Mwana wanga akuphunzitsa mabwana!"

Masamuwo anachotsa sikelo yathu ya ku Zemba, ndiye tsopano thonje timakagulitsa kuboma. Anthu akamadandaula, atate ankawakalipira kuti Terrance salakwitsa samu. Lachiwiri anakana kukweza thonje pangolo ya a Mathews, aneba athu. Anamanga matumba awiri panjinga kuti aonetse anthu kuti kuboma si kutali. Chifuwa chawo chija mukuchidziwa.

Amene anabweretsa njingayo madzulo ndi a Mathews, thonje lili chimangire.

Sindikukuimbani mlandu, achimwene. Ndingofunsako, kodi m'masamu anuwo chinalimo chitunda chija timakankha njinga?

Bwerani msanga. Amalume akuti tikudikirani mpaka Loweruka, kupitirira apo sitingathe kusunga maliro a atate.

Ndine mlongo wanu,
Lonia