Kachithunzi ka Mmwenye Kali M'thumba la Ufa

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi. Sukulu mukudziwa pamene ndinalekera.

Ndiyambe ndi zabwino. Kwa achimwene ku Bangwe kwabadwa mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Kamunda kanu ka m'phiri la Ndirande katipatsa chimanga pang'ono, china anadya anyani. Tereza wayamba sukulu.

Koma Amayi, mkamwini wanu, bambo a Tereza, anawatenga.

Mukukumbukira ntchito yawo yoika zithunzi m'mafelemu. Mmwenye wina wa sitolo ku Limbe anabweretsa kachithunzi ka makolo ake kuti akaikire galasi latsopano. Ndi kakang'ono ngati chikhatho, kojambula pamanja, m'mbali muli golide. Pali mfumu yandevu, nduwira kumutu, itakhala pansi pa ambulera, wantchito akuikupiza ndi litchowa. Kumbuyo kwake nduna ziwiri zikunong'onezana, ina dzanja lili pa mpeni. Mwini wake anafotokoza kuti ndi mfumu yakalekale ya kwawo, ndipo mwana wa mfumuyo anapangana ndi ndunazo, anatsekera bambo ake m'nyumba mpaka kufa, iye n'kukhala pampando.

Paja munkati mkamwini wanga uyu manja ndi abwino koma pakamwa Mulungu anaiwala kuikapo chitseko. Nkhaniyo anaikonda. Aliyense wokhala pa benchi lawo ankamufotokozera, uku akuloza ndunazo ndi pensulo. Ndinawachonderera kuti dziko lino litchowa ali nalo ndi munthu mmodzi yekha, mtsogoleri wathu, choncho asiye. Anandiseka, ati ine ndimathawa mvula kumwamba kulibe mtambo.

Wina anakanena kwa atcheyamani a chipani kuti akuphunzitsa anthu mmene nduna zingachotsere mtsogoleri. Anawagwira masana pamsika akugula misomali. Mayi wogulitsa makala ndiye anathamanga kudzandiuza, ine n'kukulunga kachithunziko m'nsalu, kukakankhira pansi m'thumba la ufa. Anyamata achipani atabwera anang'amba matiresi, anaswa magalasi onse, koma m'thumbamo sanapisemo.

Ku polisi akuti dzina lawo sakulidziwa. Mmwenye uja anandiyankhira pawindo, ati sanatumizepo chithunzi kwa munthu. Sindikumuda, nayenso akuopa kupitikitsidwa m'dziko. Anzathu a kutchalitchi akandiona pampope amatembenuza nkhope. Sindikudziwa amene anatinenera, mwina ndi amene ndimabwerekana naye mchere.

Tsono ndichite chiyani, Amayi? Ndikatulutsa kachithunziko, mwina apolisi aona okha ndevu ndi nduwirazo, n'kuvomera kuti si wa kuno, ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene anafa kalekale. Koma mwinanso aona litchowa ndi mpeni basi, anditenga ndi ine, Tereza atsala ndi ndani? Ndikakatentha, palibenso chosonyeza kuti bambo ake ankanena za Amwenye. Machesi ndawagwirapo kangapo, kenako n'kubweza. Munkandiuza kuti iwe Filomena usamaganize chinthu mpaka chipse mbali zonse, koma ichi sindikuona mbali yabwino.

Ufa ukutha, ndipo tsiku lililonse nsalu ija ikuyandikira pamwamba. Tereza amafunsa chifukwa chake sindimulola kutapa yekha.

Manda anu sindinalimirire chaka chino, ndikuopa kuchoka pakhomo, mwina angabwere ndi uthenga ine kulibe. Ndidzabwera ndi khasu, ndikulonjeza, kaya ndi mkamwini wanu kaya ndekha.

Mpaka pano sindikudziwa kumene anawasunga, kapena ngati ali moyo. Kachithunziko sindinakatenthe, sindinakaonetsenso munthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filomena